Ndinagona Chipinda Chimodzi ndi Jenereta

Chizindikiro choyamba chinali mutu. Unayamba kuwawa cha m'ma 10 koloko m'mawa, Lachiwiri lina m'nyengo ya mvula, ndili giredi 11. Unkagunda pamphumi ngati wina akukhoma msomali. Ndinadabwa, chifukwa tsiku limenelo sindinkayenera kudwala zenizeni. Matenda anga anali ochita kupanga.

Dzulo lake ndinali nditaika chule m'thumba la jekete ya mkulu wa maprefekiti, ndipo chilango changa chinali kukatchetcha udzu kuseri kwa zimbudzi za sukulu. Chuleyo anagwira ntchito yake bwino, ndipo mpaka lero sindidandaula. Kutchetchako ndiko sindinakufune. Motero m'mawa ndinawotha mbaula mpaka nkhope inatentha, kenaka ndinapita kwa amayi ndikunjenjemera. Anandigwira pamphumi, nati ndi malungo. Anandimwetsa kolorokwini wa pakantemba, kagolosale ka mumsewu mwathu, ananyamuka kupita kumsika kumene amagulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale.

Chaka chimenecho atate anali atangochotsedwa ntchito ku mgodi, migodi itayamba kugulitsidwa. Ndi ndalama zimene anawapatsa anagula makina ometera ndi jenereta yaing'ono, chifukwa kwathu ku Bulangililo akuba anali atadula nthambo za magetsi ndipo palibe amene ankabwera kudzakonza. Pabalaza pomwe ndinkagona usiku, masana pankasanduka pometera. Jenereta inkakhala m'kachipinda ka kumbuyo. Panja sakanaisiya, akuba akanaimva kulira. Zenera la kachipindako analikhomerera matabwa, ndipo chitseko chinkatsekedwa kuti phokoso lisasokoneze makasitomala. Atate ankati timabowo ta pamwamba pa khoma tikutulutsa utsi wonse.

Pa injini yawo atate anali osamala. Asanailize ankayang'ana oyilo, kutsegula petulo, kutseka choko cholowetsa mpweya mu injini, kenaka kukoka chingwe kamodzi mwamphamvu, phazi litaponda chitsulo cha pansi. Sankathira petulo injini ili yotentha. Za utsi zokha ndi zimene sankazidziwa, chifukwa palibe amene anakhalapo nthawi yaitali m'kachipindako. Woyamba ndinali ine. Poti pabalaza panali makasitomala, ndinayala mphasa pambali pa jenereta, ndinatseka chitseko, ndinatulutsa mabanzi amene ndinabisa m'malaya. Phokoso silinandivute. Fungo ndinalizolowera msanga.

Mutu utayamba, panabwera chizungulire ndi nseru. Miyendo inalemera. Ndinakwawa mpaka pachitseko, ndinawauza atate kuti tsopano ndadwaladi. Anali pakati pometa munthu. Sanatembenuke.

"Gabu, ndakuona m'mawa pambaula paja. Amako wawapusitsa, ine ayi. Bwerera ukagone malungo akowo, ndipo utseke chitsekocho."

Wometedwayo anaseka. Nanenso ndikanakhala iwo ndikanaseka, chifukwa mbiri yanga inali yodziwika. Ndinabwerera, ndinatseka.

Amayi atabwera masana anandipeza nditasanza. Iwo anakhulupirira, koma anakhulupirira malungo. Anandifunditsa mabulangete awiri kuti ndituluke thukuta, anatsekanso chitseko kuti mphepo isandiwombe, napita kukandiphikira phala. Ndimakumbukira kuti ndinkafuna kudzuka koma thupi silinkandimvera. Sindinkaopa. Ndinkangomva tulo tokoma. Zotsatira zake sindizikumbukira.

Ndinauzidwa pambuyo pake kuti petulo anatha ndipo injini inazima yokha. Atate atalowa anandigwedeza ndi phazi, ine osayankha. Ananditsina khutu, osayankhabe. Apo anandinyamula n'kutuluka nane panja, makina ometera akadali m'thumba la ovololo. Woyandikana nafe amene ali ndi kagalimoto konyamula makala anatitengera ku chipatala.

Khadi la chipatala cha mgodi linali litasiya kugwira ntchito pomwe atate anachotsedwa, choncho tinapita ku chipatala cha boma m'tauni. Ndinatsitsimuka tili pabenchi, mutu wanga uli pamiyendo ya amayi. Mzere unali wautali. Ananditenga magazi pachala, tinadikira, ndipo zotsatira zinasonyeza kuti malungo mulibe. Amayi anati makina a pachipatala alakwitsa. Namwino wina wamkulu, amene ankatilankhula m'Chibemba, anawafunsa atate kumene ndinagona. Atate atatchula jenereta, namwinoyo sanafunsenso china. Anandichotsa pamzere, anandigoneka pabedi, anandiveka chophimba pamphuno ndi pakamwa cholumikizidwa ku silinda ya okisijeni.

Dokotala anabwera madzulo. Anandifunsa dzina, tsiku ndi kumene ndili. Dzina ndinakhoza, tsiku ndinalephera. Anawauza atate mosakweza mawu.

"Mu utsi wa injini muli mpweya wina wosaoneka, wopandanso fungo. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amangomva mutu, kenaka tulo. Petulo akanakhala wambiri, sitikanalankhula za mwana wodwala."

Atate anangoti, "Ndamva, adokotala." Anakhala pampando wachitsulo pambali pa bedi mpaka alonda anawatulutsa. Sanandikalipire, ndipo zimenezi zinandiopsa kuposa silinda ija.

Ndinakhala m'wodi ya amuna masiku angapo. Tsiku linkayamba kusanache, anamwino akuyeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi. Kenaka okolopa, kenaka tiyi, kenaka kudikira dokotala amene ankafika nthawi imene wafika. Silinda ya okisijeni inali imodzi m'wodi yonse. Nditayamba kupeza bwino anaikokera kwa mdala wina wa chifuwa cha kumgodi, bedi loyang'anana ndi langa. Mutu unkabwerabe, makamaka ndikadzuka mofulumira, ndipo ndikayenda kupita kubafa ndinkagwira khoma. Tsiku lina ndinaviika choyezera kutentha m'tiyi kuti ndione ngati namwino uja achite mantha. Anachiyang'ana, anandiyang'ana, nati, "Mwaiche, mwana iwe, ukanakhala wotentha chonchi tikanaphikira mazira pamimba pako. Wachira iwe." Anauza dokotala kuti nzeru zabwerera, ndipo m'mawa mwake ananditulutsa.

Kuchira kwenikweni kunatenga nthawi. Kwa milungu ingapo ndinkaiwala zinthu. Ndinkawerenga tsamba la Jogalafe, kufika pansi osakumbukira za pamwamba. Ndinkatopa msanga ndipo phokoso la m'kalasi linkandipweteka m'mutu. Izi zinandidetsa nkhawa, chifukwa dokotala ananena kuti kwa ena kuiwalako sikutha. Ndinabwerera kuchipatala pa masiku onse amene anandiuza, ndipo pang'onopang'ono zinthu zinabwerera m'malo. Udzu wa kuseri kwa zimbudzi unandidikira mokhulupirika, utakula kufika m'chiuno. Ndinauza aphunzitsi kuti dokotala waletsa ntchito zolemetsa. Dokotalayo sananene zimenezo, koma ndikukhulupirira kuti ndikanamufunsa akanavomera.

Jenereta tsopano imakhala panja. Atate anaiwotcherera khola lachitsulo lokhala ndi denga la malata ndi loko wamkulu, kutali ndi mazenera, ekizozi italoza ku mpanda. Matabwa a pazenera la kachipinda anawazula okha. Aliyense wodzameta amamva nkhani ya utsi, afune asafune, mutu uli m'manja mwawo. Anthu ena a mumsewu mwathu atulutsa kale majenereta awo m'makhitchini.

Panopa ndili giredi 12 ndipo ndili bwino. Mutu suwawanso, ndimasewera mpira, ndipo mayeso a temu yatha ndinakhoza. Khalidwe langa silinasinthe, maprefekiti akhoza kuchitira umboni.

Kwa amene muli ndi jenereta, pampu kapena injini iliyonse ya petulo, musailize m'nyumba, ngakhale kwa kanthawi, ngakhale kunja kukugwa mvula. Timabowo ta pakhoma sitikwanira. Mutu uliwonse si malungo. Ngati munthu wayamba mutu, nseru ndi chizungulire injini ikulira pafupi, izimitseni, mutulutseni kumphepo, ndipo pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, mukawauze za injiniyo asanakufunseni. Musamufunditse, musadikire kuti agone kaye. Ndipo ngati wodwalayo ndi wabodza wodziwika ngati ine, munyamuleni ndithu. Mudzamukwapula akachira.