Pampu Imene Joana Anapanga

Fungo la guluu womatira mapaipi limalasa m'mphuno ngati tsabola, kenako limakwera kumutu. Ndinayamba kulimva ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, pansi pa mtengo wa bwemba pasukulu yathu ya pulayimale kwa Mlolo, m'chilimwe chimene ndinali mu Sitandade 7. Dzuwa la Okutobala kwathu kuchigwa silichita nthabwala. Pofika teni koloko mchenga unkawotcha mapazi, malata a kalasi ankalira thethethe, ndipo nyenje zinkasokosera m'mitengo mpaka makutu kuwawa. Mbuzi zinkagona m'mbali mwa zipupa zili wefuwefu. Madzi a pamjigo wa pasukulu anali ofunda ndi amchere, moti ukamwa ludzu linkangowonjezereka.

Masiku amenewo ndi pamene kunafika galimoto yoyera, fumbi lili koboo pambuyo pake. Munatsika atsikana anayi a ku koleji ya ku Blantyre, ovala mathalauza ndi malaya abuluu ofanana. Ahedi anatisonkhanitsa atsikana tokhatokha n'kutiuza kuti alendowo abwera mongodzipereka, osalipidwa, ndipo akhala nafe milungu itatu kutiphunzitsa za uinjiniya tikaweruka. Ambiri sanamve kuti n'chiyani chimenecho. Ine ndinali nditamvapo kwa bambo anga, amene ankagwira ntchito yotsegula ndi kutseka madzi m'minda ya nzimbe ku Nchalo ndipo ankabwera kunyumba kamodzi pamwezi. M'nkhani zawo injiniya anali bwana wachipewa choyera amene sankatsika m'galimoto. Kuti munthu wamkazi, wothinitsa nkhope ndi dzuwa ngati ife, angakhale injiniya, zinandisokoneza mutu.

Mtsogoleri wawo tinkamutchula kuti a Sisi Thoko. Anali wamfupi, wamagalasi, ndipo kutentha kwathu kunkamuzunza. Nthawi zonse ankayenda ndi botolo la madzi ndi kansalu kopukutira khosi. Koma anali ndi mtima wabwino, zimenezo sindingamunamizire. Ankakhala nafe pansi pafumbi, n'kutisiya kuti tigwire tokha sowo, waya ndi mabatire. Mlungu woyamba tinamanga timilatho ta bango ndi ulusi, n'kumasanjikapo njerwa mpaka tithyoke. Tinayatsa kababu ndi mabatire awiri a wailesi, ndipo kababuko katawala tinakuwa ngati tawona chozizwitsa.

Amene ndinkagwira naye zonsezi anali Joana. Ankandiposa ndi zaka ziwiri chifukwa anabwereza kalasi kawiri, Chingelezi chitamugwetsa. Makolo ake anachokera kutsidya, ku Mozambique, nthawi ya nkhondo, ndipo kunyumba kwawo ankalankhula Chisena chokhachokha. Bambo ake anali msodzi m'dambo lalikulu la Shire. Joana ankanunkhira utsi wowambira nsomba, ndipo m'kalasi ankakhala kumbuyo, osakweza mkono ngakhale tsiku limodzi. Koma manja ake anali ndi maso. Ankasoka ukonde mofulumira kuposa achimwene ake, ndipo kamlatho kathu ndi kamene kanasenza njerwa zambiri, chifukwa iye anapingasa bango monga amachitira poluka msampha. Ine mbali yanga inali pakamwa. Ndinkadziwa timawu ta Chingelezi cha kuntchito tomwe bambo ankabwera nato, monga valavu, pulesha ndi geji, ndipo ndinkatitchula mokweza kuti alendo amve.

Mlungu wachiwiri anatipatsa ntchito yaikulu, yopanga pampu yamanja ndi mapaipi apulasitiki. A Sisi Thoko anatifotokozera kuti mtima wa pampu ndi valavu, kachitseko kolola madzi kulowa koma osabwerera. Anabwera ndi timipira tagalasi toti titseke pabowo mkati mwa paipi. Papepala zinkaoneka zophweka. Koma madzi athu ndi amchenga, ndipo kamchenga kakangolowa, kampirako sikankakhala bwino pabowo. Ukakoka chogwirira madzi ankakwera pang'ono, n'kubwerera onse mundowa. Magulu onse analephera. A Sisi Thoko okha anayesa kwa masiku awiri, thukuta lili kamukamu, mpaka anayamba kunena kuti mwina tibwerere ku timilatho.

Joana anapempha kutenga paipi yathu kunyumba. M'mawa mwake anabwera kusukulu atavala patapata limodzi, phazi linalo lili pamchenga. Linzakelo anali atalidula ndi mpeni wa bambo ake, n'kusema kachidutswa kozungulira, kopyapyala mbali imodzi, kamene anakakhomera mkati mwa paipi ndi kamsomali kuti kazitseguka ngati chitseko. Madzulo ake tinaviika paipiyo mundowa. Joana anakoka, n'kukankha, n'kukokanso, ndipo madzi anatuluka pamwamba mwamphamvu mpaka kunyowetsa magalasi a Sisi Thoko.

"Waganiza bwanji zimenezi?" anafunsa a Sisi Thoko, atamugwira mapewa.

Joana anayang'ana pansi. "Ngati mono," anatero. "Nsomba ikalowa, nkhabe kutuluka."

Loweruka lake tinapita nayo kudimba la amayi a Joana, m'mphepete mwa mtsinje. Kumeneko kunkanunkhira matope ndi masamba a tomato, ndipo mphepo inkaliza masamba a migwalangwa. Amayiwo ankathirira ndi keni, kutunga madzi atalowa mpaka m'mawondo, pa dooko lomwelo pamene ng'ona inagwira mayi wina chaka chapitacho. Titalumikiza paipi yaitali, anatha kuima pamtunda, kutali ndi madzi, keni n'kumadzaza yokha. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Pyadidi, pyadidi," ankangobwereza, kutanthauza kuti zabwino. A Sisi Thoko anawalonjeza kuti chionetsero cha tsiku lomaliza chikangotha, pampuyo idzakhala yawo.

Za chionetserocho tinauzidwa mlungu wachitatu. Kunkabwera akuluakulu amene ankapereka thandizo pa ntchitoyi, ndipo mtsikana mmodzi wa pasukulu pathu akasankhidwa kupita ku Blantyre kukaphunzira zambiri kwa mlungu wathunthu. Tonse tinkadziwa kuti ndi Joana. Ngakhale anyamata, amene ankatisuzumira patali mwansanje, ankadziwa.

Lachitatu ndinatumidwa kukasiya choko kuofesi, ndipo ndili pakhonde ndinamva ahedi akulankhula ndi a Sisi Thoko.

"Mukufuna akatichititse manyazi ndi Chisena chakecho pamaso pa alendo?" anatero ahedi. "Akamufunsa funso limodzi angoti kakasi."

"Koma amene anapanga ndi iyeyo, abambo."

"Si anali awiri? Malita amalankhula bwino. Sukulu ino ikufuna thandizo, mwana wanga. Alendo asangalale."

Ndinadikira kuti a Sisi Thoko ayankhe. Ndinangomva botolo lawo la madzi likutsegulidwa. Malita ndine, ndipo kunena zoona mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe ndisanaganize n'komwe za Joana.

Masiku awiri otsatira, mmodzi wa alendo athu aja ankandiloweza mawu a Chingelezi kuseri kwa kalasi. Joana anauzidwa kuti ntchito yake idzakhala yokoka chogwirira. Sanafunse chifukwa. Anangogwedeza mutu, n'kupita kukayang'ana ngati guluu wauma.

Tsiku la chionetserolo anakhoma tenti pabwalo, n'kubwereka mipando kutchalitchi. Amayi anandisitira yunifolomu ndi simbi yamakala, n'kundidzoza mafuta mpaka nkhope kunyezimira. Tinaimba nyimbo yolandira alendo, ahedi analankhula nthawi yaitali, kenako anaitana dzina langa. Ndinaima pafupi ndi ndowa n'kunena zonse zimene ndinaloweza, osalakwitsa liwu. M'mawu amenewo munali akuti ine ndinaona vuto, ine ndinapeza njira. Joana anali atagwada pambali panga akukoka, madzi akuthira m'beseni.

Mayi wina wa akuluakulu aja, wonunkhira sopo wodula, anandifunsa m'Chingelezi kumene ndinatenga nzeru ya kachitsekoko. Funso limeneli panalibe pa zimene ndinaloweza. Ndikanatha kungoloza Joana. Chala chokha chikanakwanira. Koma ndinayankha kuti ndinaonera mono wa bambo anga. Bambo anga, munthu wa m'minda ya nzimbe, amene sanagwirepo nkhafi chibadwire! Anthu anawomba m'manja. Joana Chingelezi chake chinali chochepa, koma mawu akuti nsomba ndi akuti bambo ankawadziwa. Dzanja lake linaima pang'ono pachogwirira, kenako linapitiriza. Pojambula zithunzi, wojambula anamupempha kuti asunthe pang'ono chifukwa anali wopanda nsapato ndipo yunifolomu yake inali yong'ambika paphewa. Anasuntha.

Amayi a Joana anali atabwera ndi beseni la nsomba zowamba za makakana kuti athokoze alendo ndi kutenga pampu yawo. Anaima chapatali, pafupi ndi mjigo, akudikira kuti mwambo uthe. Anaona ndi maso awo pampuyo ikukulungidwa m'nsalu n'kulowetsedwa m'galimoto. Akuluakulu aja anali ataikonda ndipo ankafuna kukaionetsa ku Blantyre.

"Tibweza pakangotha milungu iwiri, amayi," anatero a Sisi Thoko, maso ali kumbali.

"Takhuta," anayankha amayiwo, kuthokoza m'Chisena, ndipo nsombazo anaperekabe.

Ku Blantyre ndinapita sukulu itatsekera. Ndinakwera zitunda za ku Thabwa makutu akutseka, ndinagona pabedi ndekha koyamba, ndinafunda bulangete m'mwezi umene kwathu timagona pabwalo. M'holo yaikulu ndinaipeza pampu ija ili patebulo lansalu yoyera, pambali pake pali kapepala kolembedwa dzina langa lokha. Ndinasuzumira m'paipimo. Kachidutswa ka patapata kanali momwemo, kobiriwira, kali ndi chidindo cha chala chachikulu cha phazi la Joana. A Sisi Thoko ankandikumbatira pamaso pa anthu, koma tikatsala awiri sitinkayang'anana nthawi yaitali. Aliyense ankadziwa chimene mnzake akudziwa.

Nditabwerera ndinamupeza Joana akupala nsomba pakhomo pawo. Ndinali nditakonzeka kutukwanidwa, ndipo mwina zikanandipepukira. Iye anangofunsa kuti, "Kumeneko mapampu ake ngaakulu bwanji?" Ndinamufotokozera, iye akumvetsera ndi chidwi chenicheni, mpeni uli m'manja. Za pampu yake sanafunse. Mvula inagwa, madzi anasefukira monga amachitira kwathu, dimba linamira, linaumanso, ndipo amayi ake anabwerera m'madzi ndi keni yawo. Galimoto yoyera sinabwerenso. Kupanga pampu ina sikunatheke, chifukwa mapaipi otsala, sowo ndi guluu zonse zinapita ndi eni ake. Pang'ono ndi pang'ono Joana anasiya kundidikira panjira ya kusukulu.

Ulendo wa ku Blantyre uja ndi umene unanditsegulira zonse. Akuluakulu ena amene anandiona m'holo muja anandilipirira sukulu yogonera komweko, kenako koleji. Joana mayeso a Sitandade 8 sanalembe. Ndinamva kwa amayi, ndili Folomu 1, kuti wakwatiwa ndi msodzi wina wa m'dambo.

Lero ndimagwira ntchito ya madzi akumidzi. Chaka chatha, madzi osefukira ataphwa, ananditumiza ndi anzanga kukaona mijigo yowonongeka kwathu komweko. Pamudzi wina, pakati pa amayi odikira ndi zigubu zopanda kanthu, ndinamuona Joana ali ndi mwana kumbuyo, wina atagwira chitenje chake. Anali atakalamba kuposa zaka zake. Anandiyandikira, n'kupinda mawondo pang'ono.

"Madamu," anatero, "musavutike kufukula zonse. Ndodo ya m'kati mwa mjigo yaduka chapansi. Imamveka ndi kaliridwe kake."

"Joana, ndine Malita."

"Ndakudziwani, madamu."

Anyamata athu atazula mapaipi, ndodo inali itadukadi pamene ananena. Tinakonza, madzi anatuluka, amayi analulutira, ndipo Joana anatunga chigubu chake n'kunyamuka mwana akulira kumbuyo. Ndinkafuna kumutsatira, koma dalaivala anali ataliza kale injini, ndipo ine ndinakwera.

Ndili mwana ndinkadziuza kuti wolakwa ndi ahedi, kuti ine ndinangochita zimene akuluakulu anandiuza, ndiponso kuti malo anali amodzi basi, wina anayenera kutsala. Ndinkakhulupiriranso kuti alendo aja anabwera kudzafuna mtsikana wodziwa kupanga zinthu. Tsopano ndakhala m'misonkhano yambiri yokonza maulendo otere, ndipo ndikudziwa kuti anthu amtima wabwino akafika pamudzi ndi nthawi yochepa, amanyamula mwana amene akulankhula ngati iwo. Onse anali ndi zifukwa zawo, ndipo zina zinali zomveka. Koma bodza lija palibe anandiloweza. Linatuluka m'kamwa mwanga, ndipo mpaka lero ndikudya za bodzalo.