Mpopi Wouma wa Kufakitale ya Mkaka

Unali mpopi wamkuwa, wonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, wotulukira m'khoma n'kuweramira pansi ngati khosi la tsekwe. Chitsekereni fakitale sunadonthepo kanthu, ndipo ukanakhala wouma mpaka lero ndikanapanda kubadwa ine. Ndineneretu, anthu asavutike ndi kufufuza: zonse zimene zinachitika kumeneko ndinaziyambitsa ndine, ndekha, popanda wondituma. Anzanga ena masiku ano akakhuta amati analipo pokonza mapulani. Bodza. Iwo ntchito yawo inali kukuwa ndi kuthawa.

Ndinali Fomu 2, m'nyengo yozizira ija ya ku Mzimba imene milomo imang'ambika ngakhale udzole mafuta. Ife kwathu ndi ku Dedza. Tinapita kumeneko chifukwa amayi anali namwino ndipo anawatumiza kuchipatala cha pa Boma. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anatitsatira pambuyo atanyamula maburashi m'chikwama, poti iwo ntchito yawo inali yojambula ndi kulemba zikwangwani.

Fakitaleyo inali kunja pang'ono kwa tauni, kunjira ya ku Manyamula. M'nthawi ya atsamunda ankaphikamo mafuta ochokera kumkaka wa ng'ombe, ndipo alimi ankabwera ndi zigubu panjinga kuchokera kumidzi yakutali. Kenako inatsekedwa n'kusanduka nyumba ya mileme ndi mbuzi. Matipate atabwera, aliyense atayamba kulota za geni, munthu wina anaigula n'kuigawa zipindazipinda. Pamene pankayaka ng'anjo panakhala wometa tsitsi. Mosungira zigubu munalowa atelala awiri odana. Panali osema ziboliboli, mayi wogulitsa kaunjika, ndi anyamata okazinga tchipisi pafupi ndi chimphika chachitsulo chimene anadzalamo maluwa. Anapaka laimu paliponse, koma dzuwa likatentha simenti inkatulutsabe fungo la mafuta akale, lowawasa, losakanikirana ndi la anyezi ndi utuchi.

Nyumbayo inamangidwa potsetsereka. Chipinda chakumtunda, mmene kale ankalandiriramo mkaka, chinali cha amalume. Chakumunsi, mmene munali mpopi uja, chinali lesitilanti ya amama ena a komweko, ophika nyemba zimene sindinazilawenso kwina. Pampopipo iwo ankakolekapo kansalu kopukutira m'manja.

Ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukatsuka maburashi a amalume. Tsiku lina ndikusuntha matabwa pakona ndinapeza chitsulo chakukamwa kotambalala ngati fanelo, chomata pansi, paipi yake yolowa m'khoma. Munthu wanzeru akanabwezerapo matabwa. Ine ndinaponyamo kamwala. Ndinakamva kakugubuduka m'kati mwa khoma, kakutsika, kakutsika, mpaka kanakagunda patali kuti ngwe. Ndinathamangira kumunsi, ndinapempha madzi akumwa kwa amama aja, ndipo akutunga ndinagogoda mpopi ndi chala. Kamwala kanayankha m'kati. Ndinamwa madziwo pang'onopang'ono ngati munthu amene wauzidwa uthenga wabwino.

Sabata yomweyo aphunzitsi athu a mbiri yakale analengeza kuti Loweruka kalasi yonse ikaona fakitale. Anali munthu wa ku Embangweni, wamtali, wokonda jekete yotuwa ndi mawu ake omwe. Bambo awo anagwirapo ntchito m'fakitalemo, ndipo nkhaniyi tinali titaimva mpaka kuiloweza. "Mbiri si ya m'buku yokha," ankatero. Anatiyeserera ngakhale mmene akatsegulire mpopi, dzanja likuzungulira m'malere patsogolo pa bolodi. "Ndikakatsegula mukamva mphepo yokha. Mphepo imeneyo ndiyo mbiri."

Apa ndidziteteze pang'ono, ngakhale palibe wandifunsa. Cholinga changa chinali choyera, choyera ndithu. Ndinkafuna kuthira laimu wosungunula m'fanelo muja kuti aphunzitsi akatsegula utuluke mkaka. Ndinkawaona m'maganizo atagwada, akuitana bambo awo. Ikanakhala nthabwala yokoma yoti ngakhale abusa akanaiseka.

Koma Loweruka m'mawa nditalowa m'chipinda cha amalume, iwo ali kuseri kwa nyumba kupaka khonde la munthu wogulitsa nyama, ndinapeza laimu atatha. Chimene chinalipo ndi ndowa ya utoto wofiira wa ufa uja, wosungunula kale m'madzi, wotsala pantchito ya khondelo. Ndinaganiza kwa nthawi imene ntchentche imatera pamphuno n'kuuluka. Ndinathira ndowa yonse, ndinaonjezera madzi, ndinabwezera matabwa, n'kukaima pamzere ndi anzanga manja kumbuyo.

Chimene sindinachiike m'mutu n'chakuti chaka chimenecho kunali mphekesera za anamapopa. Zinkabwera ndi maminibasi, kuti kuli anthu achilendo oyenda ndi mapaipi, opopa magazi a anthu ali m'tulo. Kusukulu tinkazisandutsa masewera, kubayana ndi mabolopeni pakhosi. Sindinkadziwa kuti kumidzi ina amuna ankagona panja ndi zibonga.

Tinazungulira fakitale yonse. Aphunzitsi anatiimika kwa wometa, kwa atelala, kwa osema, akufotokoza chimene chinkachitika pakona iliyonse, eni malo akuwayang'ana ngati akumva za dziko lina. Pomaliza tinatsikira mulesitilanti. Inali nthawi ya nkhomaliro ndipo mabenchi anali odzaza: oyendetsa njinga, amayi ochokera kuchigayo, ndi abambo awiri a mataye. Aphunzitsi anapempha malo mwaulemu, anachotsa kansalu kaja pampopi, anakonza kukhosi. Chotsegulira chinakana. Anagwira ndi manja awiri. Chinalira ngati khomo la kumanda, kenako chinalola. Iwo anatchera chikhatho pansi pa mpopi kuti amve mphepo ya mbiri.

Mpopi unatsokomola kawiri. Kanatuluka kamwala kanga. Kenako zinakhuthuka.

Ine ndemwe, mwini ntchito, ndinabwerera m'mbuyo. Sizinali zofiira ngati utoto wa m'ndowa muja. Zinali zitatsuka dzimbiri la zaka zonse zija, ndiye zinatuluka zakuda bii, zolemera, zamabulumabulu, zonunkha chitsulo. Choipitsitsa, paipi ija inkadutsa kuseri kwa khoma la moto wa amama ophika, choncho zinatuluka zofunda. Nthunzi inkaoneka m'kuzizira muja. Aphunzitsi sanachotse dzanja. Anangoima, zikuyenderera m'zala, zikulowa m'mkono wa jekete, zikufalikira pasimenti kulowera kumapazi a anthu.

Ndimakumbukira bambo wina ali ndi chakudya m'kamwa, osatafuna, osameza. Ndimakumbukira chikombe cha amama aja chikugwera mumphika. Ndiye mayi wina ananena motsitsa, mawu amodzi okha a Chitumbuka, "Ndopa." Magazi. Mawuwo anatuluka pakhomo msanga kuposa anzanga a m'kalasi, omwe anapondana pothawa.

Posakhalitsa bwalo la fakitale linadzaza. Atelala anasiya makina, wometa anatuluka ndi munthu wometedwa mbali imodzi, ena anachokera kumsewu. Ndinaona maso a anthu akuchoka pampopi, akukwera ndi khoma, akutsata njira ya paipi mpaka kuchipinda chakumtunda. Wina anafunsa kuti mmenemo mumakhala ndani. Wina anayankha kuti mlendo uja wa ku Dedza, amene amadzitsekera tsiku lonse.

Nthawi yomweyo amalume anatulukira pakona kudzaona phokoso. Anali atagwira ntchito ya khonde kuyambira m'mawa. Manja awo anali ofiira mpaka m'zigongono.

Sindinaonepo anthu ambiri chotero akubwerera m'mbuyo nthawi imodzi, kenako n'kusendera kutsogolo nthawi imodzi. Amalume anamwetulira, poti sankadziwa kanthu, n'kukweza manja aja kupereka moni. Anawagwira malaya. Anawakhazika pansi pafumbi, anawavula nsapato. Iwo ankangoti, "Ndi penti uyu, abale anga, ndi penti," koma ankanena m'Chichewa cha kwathu, ndipo tsiku limenelo chinkamveka chachilendo kuposa masiku onse. Kumbuyo kwanga mwamuna wina anati, "Mlongo wake si nesi uja amatenga magazi kuchipatala?" Anthu anang'ung'udza ngati apeza chimene chinkasowa. Mnyamata wina wa tchipisi, amene dzulo lake anandipatsa zokazinga zaulere, anali atanyamula njerwa.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinalankhula chifukwa chokonda amalume. Ndinkawakonda, inde. Koma ndikaunguza bwino mumtima wa mnyamata uja, ndimapezamonso china: anthu anali kupereka ntchito yanga kwa munthu wina. Ndinakwera pachimphika cha maluwa n'kunena kuti ndine ndathira utoto m'paipi.

Palibe anakhulupirira. Aphunzitsi, dzanja lili lende kutali ndi thupi, anati, "Tsika apo iwe, usalowerere za akuluakulu." Mmodzi wa abambo a mataye anati mwanayu amuphunzitsa zonena. Mawu amenewo anandiwawa kuposa chikwapu. Ine, wondiphunzitsa?

Ndinadumpha n'kuthamangira kumtunda. Ndinakankha matabwa, ndinatsegula chitini cha utoto wabuluu, umene amalume ankausunga ngati mankhwala a maso, ndinaukhuthulira m'ndowa ya madzi n'kuvundula ndi mkono. Ndisanathire ndinaika kukamwa pafanelo paja n'kukuwa kuti, "Yang'anani mpopi, ukubwera wabuluu." Anandiuza pambuyo pake kuti mawu anga anatulukira kumunsi ali okhuthala ngati a chiwanda, ndipo amama ophika, omwe anali atayamba kukolopa, anakhala pansi m'zofiira zomwezo. Zimenezo sindinazikonze, koma ndimazilandira.

Ndinathira. Ndinasungunulanso wachikasu, ndinathira. Kenako ndinatsika.

Anthu anali atadzazana pakhomo ndi m'mawindo a lesitilanti. Mpopi unali utasiya zakuda zija. Unatulutsa zofiirira, kenako zabuluu zowala ngati yunifolomu ya pulayimale, kenako zobiriwira, kenako zachikasu. Anthu ankayang'ana mpopi, kuyang'ana ine ndi mkono wanga wabuluu, kuyang'ananso mpopi. Anatipulumutsa ndi wometa tsitsi. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mpopi uwu ukusintha zipani kuposa aphungu athu."

Wina anaseka mwamphuno. Kenako bwalo lonse linaphulika, kuseka kwa anthu amene akufuna kuiwala msanga zimene amati achite. Ena anayamba kulumbira kuti iwo anadziwa kuyambira pachiyambi kuti ndi penti. Mnyamata wa tchipisi anatsitsa njerwa yake mwakachetechete n'kuikhalira ngati anaibweretsera zimenezo. Wina anawabwezera amalume nsapato, akuti, "Pepani chomene, adada." Amalume anayankha kuti yewo, zikomo wa komweko. Anavala nsapatozo osamanga n'kukwera kuchipinda chawo zingwe zikukwekwereka.

Amama ophika ndiwo anandigwira khutu. "Mbwenu wandiphera geni, mwana iwe," anatero, ndipo sananame kwenikweni, chifukwa nyemba za tsiku limenelo zinadyedwa ndi agalu. Koma ndinene zoona zonse: sabata yotsatira anthu ankachokera mpaka ku Manyamula kudzaona mpopi wa zipani, ndipo munthu sangaone mpopi ndi njala. Sanandithokozepo.

Mlandu unakambidwa Lolemba muofesi ya ahedi. Panali aphunzitsi, mwini fakitale ndi amayi. Jekete yotuwa ija inali pathebulo ngati mboni, mkono umodzi wofiirira. Anandifunsa ngati ndikumva chisoni. Ndinati ndikumva chisoni kuti laimu anatha. Ahedi anayang'ana kudenga nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka pang'ono, kenako anandikwapula mosaika mtima. Chigamulo chachikulu chinali chakuti m'mawa uliwonse ndisanapite m'kalasi ndizitunga madzi kumjigo, kukwera nawo kuchipinda cha amalume, ndi kuthira m'paipi mpaka tsiku limene mpopi udzatulutse madzi oti mwini fakitale angamwe.

Kunena zoona, chinali chilango chokoma. Ndinasanduka munthu wodziwika. Ana a pulayimale ankandiperekeza kumjigo, atsikana a Fomu 3 amene kale sankandiona anayamba kundifunsa kuti lero kutuluka mtundu wanji. Madzi akayamba kuyera ndinkaponyamo kautoto pang'ono kuti ntchito isathe msanga. Mpaka lero munthu akandifunsa ndimati ndikanachitanso, kungoti ndikanayamba ndaona ngati laimu alipo.

Amalume sanandimenye, sanandikalipire. Anangochotsa chitseko cha chipinda chawo n'kuchiimika pakhoma, kuti aliyense wodutsa aziona zimene akuchita, ndipo ankajambula chomwecho mphepo ya Julaye ikuwomba mapepala. Ine ndinkati afuna kuwala.

Njira ya kumjigo inkadutsana ndi ya kuchipatala, choncho m'mawa uliwonse ndinkakumana ndi amayi akupita kuntchito. Masiku amenewo anayamba kuyenda atavala chitenje ndi mpango ngati akupita kumaliro, yunifolomu yawo yoyera ataipinda m'jumbo yakuda, kukavalira kuchipatala komweko. Ankayenda m'mphepete mwa msewu, mofulumira, akupereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa ana. Ine ndowa ili pamutu, madzi akundidonthera m'khosi, ndinkawakuwira patali kuti, "Anesi, mwadzuka bwanji?" kuti anzanga aseke. Iwo sankatembenuka. Ndinkati akadakwiyabe ndi za jekete ya aphunzitsi, ndipo za yunifolomuyo ndinkati akuopa fumbi.