Udzudzu wa ku Ulaya

Chaka chimene tinayamba kuvotera zipani zambiri, ndinabwera kutchuthi kwathu ku Magaleta kuchokera ku Ulaya, kumene ndinkagwira ntchito yofufuza za malungo. Kumudzi ankanditchula dokotala. Zoona zake, ndinkaweta udzudzu m'mabokosi n'kumauyamwitsa pamkono wangawu.

Mayi anga ataona mkonowo uli tizilonda tokhatokha anadzidzimuka. "Kodi iwe, kwa azungu kulinso udzudzu?"

"Wochuluka, amayi," ndinanama, poopa kuti mudzi wonse ungandiseke.

Tsiku lobwerera mayi anamasula neti yawo, imodzi yomweyo, n'kundipindira m'chikwama. "Uzikagonamo. Dokotala n'kumadyedwa chonchi?"

Ndinailandira ndi manja awiri, ine wophunzirane. Nditafika ku Ulaya ndinapinda malaya n'kupereka mkono kwa udzudzu wanga, uku wa ku Magaleta ukudya mayi anga.