Kachitini Kofiira ka Aphunzitsi

Kachitini kanali kofiira, ka maluwa oyera pachivundikiro. Anabwera nako kusukulu aphunzitsi athu atsopano, mayi wochokera ku Japan, nyengo yozizira ija tikukhala ku Croydon, kudziko la Angerezi, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo.

Ife tinali othawa kwathu. Bambo anatsala m'ndende, ndipo amalume, omwe anatithawitsa, ankati dzanja la boma ndi lalitali, limawoloka nyanja. Lamulo lawo linali limodzi: "Wokupatsa chakudya ayambe walawa yekha. Akapanda kulawa, usadye." Kwathu amatero ndi mowa, amati kuchotsa ufiti. Amalume ankatero ngakhale ndi tiyi wa kutchalitchi.

Aphunzitsi aja sanalawe. Anangoyendetsa kachitini m'kalasi, akumwetulira. Munali timabisiketi ta mpunga, tonyezimira, tina tokulungidwa m'kanthu kakuda konunkha ngati nsomba. Anzanga onse ankangokukuta. Ndinatenga tiwiri, kena m'kamwa, kena m'thumba la jekete.

Kanali ka mchere, kouma gwa. Kenako moto unakwera m'mphuno mpaka mu ubongo, misozi n'kungotuluka yokha. Tsabola ndinkamudziwa, amawotcha lilime. Uyu sanali tsabola. Ndinadziwa kuti ndadya chiphe.

Lero ndimaseka, poti chinali chokometsera chabe cha kwawo kwa aphunzitsi. Ndi boma liti lingatume mayi wa ku Japan kudzapha kamtsikana ka mamina? Koma tsikulo ndinachita mantha omwe sindinachitepo. M'basi ndinkangogwira pamtima, kumvetsera ngati ukugundabe.

Amayi pochokera kuntchito anandipeza nditagona chagada pakapeti, manja pachifuwa, ndikudikira imfa. Ndinawafotokozera m'Chingerezi, poti Chichewa chinali chitandithawa, n'kuwaonetsa kabisiketi kotsala kaja.

Sanandikalipire. Nkhope yawo inangotuwa. Za kuchipatala sanazitchule: mapepala athu anali asanatuluke, ndipo amalume ankati kumeneko amalemba mayina. Anakanunkhiza kabisiketi, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kukaponya m'kamwa konse.

"Sendera, mwanawe," anatero.

Anagona pambali panga, jekete yawo ikadali yonyowa ndi mvula, nagwira dzanja langa mpaka kupweteka. Misozi inkatsikira m'makutu mwawo. Ine ndinati ndi moto wa m'mphuno uja, ndipo mtima wanga unakhala pansi, mwakuti ndinayamba kumva njala.

Ndinkaganiza kuti munthu wamkulu amadya chinthu chokhacho chimene akudziwa kuti sichipha. Sindinkadziwa kuti amayi nawonso sankadziwa.