Nyundo ya Bambo Calvin

Ndikukumbukira chaka chathu chachiwiri ku Hyattsville, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinkakhala m'nyumba zosanja za njerwa zofiira, ine ndi mayi anga awiriwiri. Mayi ankaphika kunyumba ya kazembe wina ku Washington. Ankalawirira kukakwera sitima n'kubwerako madzulo zovala zikununkha anyezi, choncho ndikaweruka kusukulu ndinkafikira kwa aneba athu apansi, Bambo Calvin.

Bambo Calvin anali Mmereka wakuda, wamtali, wopuma pantchito yoyendetsa mabasi. Sanali munthu wankhani. Ankandilozera mpando wa kukhitchini kuti ndilembe homuweki, iwo n'kukhala pa TV kuonera mpira womenya ndi chibonga uja, umene mpaka lero sindiumvetsa. Pashelefu ya m'chipinda chochezera, pamene ena amaikapo maluwa, iwo anaikapo nyundo. Mutu wake unali wakuda bii, mbali imodzi yophwatalala ndi ntchito, mpini wake wosalala ngati wopaka mafuta. Sindinafunsepo za nyundoyo.

Chaka chimenecho tinkaphunzira mbiri ya Maryland. Aphunzitsi athu, Mayi Kessler, ndinkawakonda kwambiri. Ndiwo anali oyamba pasukulupo kudzivutitsa kutchula dzina langa molondola, Tadala, ndipo anyamata akamaseka Chingerezi changa ankawakhalitsa chete ndi diso lokha. Anatiphunzitsa kuti kalekale kumadzulo kwa Maryland, kumapiri, ndiko kunali kumapeto kwa midzi ya azungu. Kupitirira pamenepo kunali nkhalango ndi eni nthaka amene pambuyo pake anapirikitsidwa. Kenako kunadzalambulidwa msewu, ndipo ngolo zinkakwera mapiriwo zitanyamula mabanja opita kukafuna malo ku Ohio. Anatiuza kuti aliyense alembe za munthu mmodzi wa nthawi imeneyo, ndipo abweretse chinthu chodzaonetsa makolo pa tsiku la chionetsero.

Anzanga ena anali ndi makolo awo akale oti alembe. Ine makolo anga akale anagona ku Zomba. Tsiku limenelo ndinakhala kukhitchini kwa Bambo Calvin ndikungotafuna pensulo, mpaka iwo anatsitsa TV n'kufunsa chomwe chavuta. Nditafotokoza, anadzuka pang'onopang'ono, n'kutenga nyundo ija, n'kuiika patebulo patsogolo panga.

“Lemba za Josiah,” anatero.

Josiah anali agogo a agogo awo. Anali kapolo pa famu ina m'mbali mwa msewu wa ngolo uja, ndipo ntchito yake inali yosula zitsulo. Ngolo ikathyoka pokwera phiri, ndiye ankailumikiza. Hatchi ikaguluka chitsulo cha kuphazi, ndiye ankasula china. Anthu osawerengeka anafika kumene ankapita chifukwa cha manja ake, koma iye sankaloledwa kupitirira mlatho wa kumapeto kwa famu. Atamasulidwa anachoka ndi zovala za m'thupi ndi nyundo imeneyi basi. Bambo Calvin anaitembenuza n'kundionetsa kunsi kwa mutu wake, pamene panali chilembo J chokhomedwa mokhota.

“Sankadziwa kulemba. Chilembo ichi chokha ndiye ankachidziwa.”

Kwa milungu iwiri ndinalemba zonse zimene anandiuza. Munthu uja wosayankhula anayamba kundidikirira pakhomo atakumbukira kanthu kena. Tsiku la chionetsero litayandikira, ndinalimba mtima n'kupempha nyundoyo. Anaitenga n'kuikulunga m'thaulo.

“Uionetse, ubwere nayo tsiku lomwelo. Isachoke m'manja mwako.”

Ndinalonjeza.

Chionetsero chinayenda bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Makolo ankaunjikana patebulo langa, ena akupempha kuti ainyamuleko amve kulemera kwake. Mayi Kessler anaigwira ndi manja awiri, maso ali ngwee. Anthu atabalalika anandiitanira pambali. Anati iwo amathandiza mongodzipereka pa kanyumba kena kosungiramo zinthu zakale kumapiri komweko, ndipo akufuna anzawo akaione, akaijambule, kuti dzina la Josiah lilowe m'mabuku. Anati aibweza Lolemba.

Mawu a Bambo Calvin ndinkawakumbukira bwinobwino. Koma awa anali aphunzitsi, ndipo kwathu mwana sakaniza aphunzitsi. Komanso, ndinene zoona, ndinkafuna apitirize kundiyang'ana ndi maso amene aja. Ndinawapatsa pamodzi ndi thaulo lomwe.

Kwa Bambo Calvin ndinanama kuti nyundo yatsekeredwa m'kabati ya kusukulu pamodzi ndi zinthu za ana onse mpaka atamaliza kuchonga. Anandiyang'ana, n'kubwerera ku TV yawo. Lolemba linafika, Mayi Kessler anati wojambula sanabwere. Lolemba linalo anati aiwala. Kenako ndikangoyamba kufunsa ankandisisita paphewa n'kunena kuti ndisade nkhawa, ili pabwino. Ndinayamba kuchedwa dala ku laibulale kuti ndisakhale nthawi yaitali kukhitchini kuja, moyang'anizana ndi shelefu yopanda kanthu.

Patapita mwezi ndi theka, kalasi yathu inapita kukaona kanyumba kaja. Tinayenda pa basi pafupifupi maola awiri, mitengo ya m'mapiri itafiira ndi nyengo yozizira imene inkayandikira. Kanyumbako kanali kamiyala, kamdima, konunkha utsi wakale. Mayi wina wovala chidiresi chachikale ankationetsa mipando, mfuti ndi miphika ya banja la azungu limene linamanga nyumbayo. M'chipinda chachitatu, m'bokosi lagalasi lokhoma, ndinaona nyundo ija.

Poyamba ndinasangalala. Ndinakankha anzanga kuti ndiwerenge kapepala kamene kanali pambali pake. Kanati iyi ndi nyundo ya mtundu umene ankagwiritsa ntchito pa mafamu a mabanja oyamba kukhazikika kuno. Pansi pake panalembedwa kuti ndi mphatso yochokera kwa Mayi Kessler. Ndinawerenga kawiri. Dzina la Josiah panalibe. Nyundoyo anaigoneka mwakuti chilembo chija chinali pansi.

Ndinatuluka mothamanga. Ndinawapeza aphunzitsiwo panja akuwerenga ana okwera basi.

“Aphunzitsi, munati mubweza Lolemba. Alemba kuti ndi yanu.”

Anawerama kuti tilingane, akumwetulira monga mwa masiku onse. “Tadala, zinthu ngati izi zimatayika m'nyumba za anthu. Bambo aja ndi okalamba. Akadzamwalira idzatayidwa kudzala. Pano ndi yotetezeka, ndipo ana ambiri adzaiona. Ukadzakula udzamvetsa.”

“Nanga Josiah?”

“Tilibe pepala lotsimikizira nkhani imeneyo. Sitingalembe zimene munthu wangokamba.”

Nkhani yomweyo anali ataichonga ndi inki yofiira n'kundipatsa mamakisi apamwamba kuposa aliyense. Ndinakwera basi n'kukakhala kumbuyo, nkhope nditailozetsa kuwindo kuti anzanga asaone.

Madzulo amenewo ndinawauza mayi zonse. Anali atangovula nsapato. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, “Chibwenzi cha nkhwangwa chimakoma pokwera. Koma iwe Tadala, chinthu cha eni ake unapereka bwanji? Ndiponso n'kunama? Tiye pansi. Ukanene wekha ndi pakamwa pako.”

Ndinanena nditaimirira pakhomo, mayi ali kumbuyo kwanga. Bambo Calvin sanakalipe. Anagwira chitseko ndi dzanja limodzi. Anangofunsa dzina la malowo ndi masiku amene amatsegula.

Loweruka mayi anabwereka galimoto kwa amalume ena a ku Zambia amene tinkapemphera nawo ku Wheaton. Bambo Calvin anavala suti yakuda ndi chipewa, ngati akupita kumaliro. Tinanyamuka tonse atatu kupita ku kanyumba kaja. Titafika anapita okha kubokosi lija, n'kuima pamenepo nthawi yaitali akuwerenga kapepala kaja, magalasi ali pamphuno. Kenako anaitanitsa woyang'anira malowo, bambo wachinyamata wandevu.

Bamboyo anali waulemu, koma anati chinthu chikalowa m'kaundula sichituluka wamba, pamafunika komiti ikhale pansi. Anafunsa ngati ali ndi umboni uliwonse.

“Itembenuzeni,” anatero Bambo Calvin. “Kunsi kuli J wokhota. Mpini uli ndi mng'alu kumapeto, ndinaugwetsa ndine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, bambo anga anandikwapula. Nditsegulirenitu, ndaima nthawi yaitali.”

Alendo ena anali atasiya kuona miphika n'kumatiyang'ana. Bamboyo anakatenga kiyi. Atatembenuza nyundoyo nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Anapepesa, n'kunena kuti iwo anauzidwa kuti inapezeka kwa mwana wasukulu amene banja lake silinkaifuna. Kenako anapempha kuti ikhalebe pomwepo, alemba kapepala katsopano kokhala ndi dzina la Josiah ndi nkhani yake yonse.

Mumtima ndinkafuna avomere. Ndinkaona ngati zikatero ndiye kuti cholakwa changa chabala zabwino. Koma Bambo Calvin anapukusa mutu.

“Josiah anagwira ntchito m'nyumba ngati ino moyo wake wonse. Anatulukamo kale. Sabwereranso.”

Anainyamula popanda chokulungira, chifukwa thaulo lija silinapezeke.

Pobwerera anaiika pamiyendo. Titaima pa nyumba zathu, mayi atatsika, Bambo Calvin anatembenuka n'kundiyang'ana koyamba tsiku limenelo. “Mphunzitsi ujayo sindimudziwa,” anatero. “Ine ndinapatsa iwe.”

Mayi anapita kusukulu kukadandaula. Anabwerako ndi mawu akuti panali kusamvetsetsana. Mayi Kessler sanapepese kwa ine kapena kwa Bambo Calvin. Anapitiriza kundimwetulira mpaka chaka chinatha, ndipo ine sindinakwezenso dzanja m'kalasi mwawo. Kwa Bambo Calvin ndinkafikirabe ndikaweruka. Mpando unalipo, moni ankayankha, koma TV sanaitsitsenso chifukwa cha ine. Panali nkhani ina imene anali atayamba kundiuza, ya mkazi wa Josiah ndi mmene anapezanirana atagulitsidwa kosiyana. Sanaimalize, ndipo ine ndinalibe nkhope yoti ndifunse. Patapita zaka ziwiri anasamukira kwa mwana wawo ku Baltimore, ndipo kumeneko ndiko anamwalirira.

Kwa zaka zambiri mkwiyo wanga wonse unali pa aphunzitsi aja, ndipo sindinganame kuti unatha. Anaona mwana wachilendo wofunitsitsa kukondedwa, n'kudutsira pa iye kuti afike pa chinthu chimene sakanachipeza akanagogoda okha pakhomo la mwini wake. Chimene chinanditengera nthawi kumvetsa n'chakuti iwo sankadziona ngati wakuba. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mbiri ndi ya amene ali ndi mabokosi agalasi ndi mapepala, ndipo enafe timangoisunga mongoyembekezera kuti iwo adzaitenge. Munthu wotere ndi wovuta kumukana, chifukwa amabwera akumwetulira ndipo amakuyamikira.

Lero ndili ndi ana anga, obadwira konkuno, amene ndikawayankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi. Ndimapita nawo m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, ndipo timawerenga timapepala tonse. Tikamaliza ndimawafunsa kuti chinthuchi anachipanga ndani, ndipo chinafika bwanji pano. Nthawi zambiri kapepala sikanena. Ndimawauzanso kuti munthu akakupatsa chinthu cha makolo ake kuti umugwirire, ngakhale amene akuchipempha akhale wamkulu chotani, yankho ndi limodzi, ndipo ine ndinalidziwa mochedwa: si changa, kafunseni eni ake.