Njelwa za pa Bwinja la Mkulu Wanga

Anabwela kudzanditenga mu Okutobala, m'mawa, ndikuthilila lepu kudimba. Anali anyamata awili olondela mudzi. Wamkuluyo anavula kapu nati, "Monile asekulu. Akukufunani ku polisi." Ndinapempha kukavala nsapato. Anati si patali.

Mlandu unali wa kanjila. Mkazi wanga anatelela pa dongo lotsikila kudimba, nathyoka m'chiuno. Atachila ankayenda ndi ndodo, ndipo dimba limene analima kuyambila ukwati wathu ankangoliona ali pakhonde. Simenti yomukonzela kanjila sindikanaikwanitsa. Koma kumapeto kwa munda kunali bwinja la malemu mkulu wanga, nyumba imene inagumulidwa atamwalila. Kwathu njelwa za nyumba yotelo sizigwilidwa, ndipo ndinkadziwa. Mkulu wangayo ndi ine tinasiyana tisakulankhulana. Zimenezo ndimayenda nazo ndekha, apolisi sanazifunse.

Njelwazo ndinazituta pa wilibala, n'kupala dothi lakale ndi chikwanje. Ndinakumba mosazama, ndinathila mchenga wakumtsinje, n'kuyala njelwazo zolumana ngati minga ya nsomba, monga ndinaonela kwa amisili ku Chipata, kuti ndodo isatelele. Mkazi wanga anatsika yekha, nakathyola ndiwo ndi manja ake.

Kenako mdzukulu wa malemuyo anadwala. Atate ake, mwana wa mkulu wanga, anati njelwa zoluka chonchija ndi mankhwala.

Wapolisi amene anandifunsa anali mlendo kuno. "Mdala, ufiti si mlandu muno. Kuba ndiye mlandu. Njelwa n'zandani?"

"N'za wakufa, bwana."

"Anakupatsani?"

Anzake anaseka. Iye anapitiliza, "Kumudzi kuli anthu akukudikilani ndi mipini. Muno ndiye mwasungika."

Anandivula lamba, nanditsekela m'chipinda. M'chipindamo tinalimo ambili, tinkagona mosinthana, chidebe chili pakona. Anzanga atamva mlandu wanga anandisiyila malo aakulu kuposa a wina aliyense, koma palibe amene anadya nane mbale imodzi. Wina wakuba mbuzi ankati, "Asekulu, ngati n'zoona, tiulutseni tonse tizipita." Tsiku lina apolisi ananditengela kuseli kuti ndikakumbuke bwino. Khutu lakumanzele silimva kuyambila pamenepo.

Lamlungu mkazi wanga anabwela pa ngolo ya ng'ombe. Tinalankhulila pa kazenela ka waya.

"Adada, akuti mukavomela kuzula njila akutulutsani. Musavomele. Mwanayo ndi malungo, ali kuchipatala, akupeza bwino."

"Amama, muno simugonedwa."

"Ine pakhonde ndinakhalapo chaka. Munandimva ndikulila?"

Ndinalimba masiku ena. Miyendo inatupa, ndipo chifuwa chinayamba. Wapolisi uja atandiitananso, ndinavomela kubweza njelwa zonse. Anandibweletsela inki kuti ndidinde chala, koma ndinapempha cholembela. Sukulu ndinaiyamba ndili ndi ndevu, ndipo dzina langa ndimalemba ndekha.

"Mwaona? Nkhani ya m'banja iyi," anatelo. "Pitani. Lamba wanu sakuoneka."

Ndinatuluka masana, nditagwila buluku ndi dzanja. Kuwala kunandipweteka m'maso. Ndinayenda wapansi mpaka kumudzi, ndipo palibe amene anandigenda.

M'mawa mwake ndinazula kanjilako, mwana wa mkulu wanga ataima pambali ndi anyamata aja. Mwana wodwalayo anali atachila kale, akusewela pomwepo. Atate ake anati wachila chifukwa ndavomela. Sindinatsutse. Njelwa imene inandipweteka msana poyala imazuka ndi chala chimodzi. Mkazi wanga sanandinyoze. Anangopempha kuti ndimusunthile mpando kuseli kwa nyumba, kumene dimba silioneka.

Lelo anthu amandipatsa moni. Ndimapita kuchigayo, kumsika, kutchalitchi, wondiletsa palibe. Ufulu umene ndinasainila ndi umenewo, ndipo sindiupeputsa, pakuti ndikudziwa kugona choimilila. Koma ndili m'kati ndinkayesa kuti chitseko chikatseguka, nkhani yatha. Sindinafunse kuti ndikatuluka ine, atsala ndani.

Mvula inagwa mu Disembala, dongo lija linayambanso kutelela. Mkazi wanga sanatsikenso kudimba. Ndikabwelako amandiitana, nandifunsa motsitsa mawu ngati tomato wayamba maluwa, ndi ngati madzi akwela m'chitsime. Ndimamuyankha zonse, osasiyako kanthu. Ndikukumbuka mmene ndinkafunsila mlonda wa kupolisi kuja ngati kunja kwachita mitambo.