Kosi ndasankha ija sindisintha

Mwaswera bwanji nonse.

Lero kuntchito abwana andiitana kuti ndisankhe kosi ya satifiketi. Zinalipo ziwiri: ya manetiweki, yomwe anzanga onse athamangira, ndi yophunzitsa kukonza mawebusayiti ndi mauthenga kuti osaona ndi osamva azitha kuwagwiritsa ntchito. Ine ndalembetsa yachiwiriyo.

Nditawaimbira achimwene a Zuze, andiseka. Akuti, "Mlongo, zimenezo ndi zachifundo, si ntchito ya munthu wophunzira. Ku Chikwawa kuno adzakufuna ndani?"

Achimwene, ndikuyankhani pagulu pompano. Mukukumbukira madzi atasefukira ku Makhuwira? Chenjezo linabwera pa gulu lathu la pafoni lomwe lino, koma mawu onse anali m'kati mwa chithunzi. Munatumiza ndinu.

Amalume a Fombe saona, foni ndi imene imawawerengera mauthenga mokweza. Tsiku limenelo inangowauza kuti kwabwera chithunzi, basi. Iwo anayesa ndi zithunzi za ukwati wa Esinati, nakhala phee pakhonde. Anadzawatulutsa ndi aneba madzi atafika m'mawondo, ife tonse titaika kale kachala kovomereza pansi pa chenjezolo.

Pa kosiyi ndikaphunzira kuyendetsa kompyuta sikirini ili yozimitsa, monga amachitira amalume ndi foni yawo tsiku lililonse. Ngati zimenezo ndi zachifundo, zikhale zachifundo.

Enanu mukuti bwanji? Nenani ndimve, ngakhale fomu ndapereka kale. Koma poyankha lembani mawu kapena jambulani mawu anu, zithunzi ayi. Amalume ali pa gulu pompano, akumvetsera.